Liwu lakuti "decent" pa kalata ya intavyu

FUNSO: Akonzi, mwana wanga wamkazi waitanidwa ku intavyu ya ukalaliki ku Nchalo, ndipo kalatayo ikuti abwere atavala "decent". Mlamu wanga nayenso amadandaula kuti sakulandira "decent salary". Liwu limodzi lomweli likukhudza bwanji zovala ndi malipiro omwe? Mayi wa ku Ngabu, Chikwawa.

YANKHO: Mayi, liwuli linachokera ku mneni wa Chilatini wakuti "decere", kutanthauza kuyenera. Chinthu chimakhala "decent" ngati anthu a pamalopo angachione n'kuchivomereza popanda wina kuweramitsa mutu ndi manyazi, ndipo silinena konse za mtengo wake. Diresi la pa kaunjika, lochapa bwino, lositidwa ndi nsimbi ya makala, lofika m'munsi mwa mawondo komanso lobisa mapewa, likukwanira. Musavutike kukongola ndalama ya jekete, chifukwa ndi kutentha kwa kuchigwa kuno mwanayo angalowe mu ofesi thukuta lili kamukamu.

Akuluakulu ambiri akamva liwuli amakumbukira lamulo la 1973 lotchedwa Decency in Dress Act, limene mu ulamuliro wa Dr Kamuzu Banda linkaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi pagulu. Lamuloli linathetsedwa pamene dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri, kotero lero muyeso wake ndi malo amene munthu akupita, osati boma. Thalauza la nsalu limene maofesi ambiri amalilola, pa maliro kumudzi lingayambitse manong'onong'o, pakuti kumeneko mayi amayembekezeka kumanga chitenje ndi duku. Ife tikuona kuti pa intavyu mwana wanu asankhe chovala chimene sangafunike kumachikokera pansi akakhala pampando.

Alamu anuwo sakupempha chuma ayi. Akunena malipiro oti munthu agule chimanga, alipire lendi ndi fizi, mwezi n'kutha osalowa m'katapila. Tanthauzo lomweli ndi limene bungwe la ILO, loona za ntchito pa dziko lonse, linatenga mu 1999 poyamba kulimbikitsa "decent work", kutanthauza ntchito yoyenera.

Chenjerani ndi liwu lotsutsana nalo, "indecent". Limeneli ndi lolemera, ndipo m'makhoti limatchulidwa pa milandu yogwira munthu mosayenera, choncho musalinene kwa mnzanu amene wangovala malaya osasita.