Mapadi a resin kapena a sintered? Yambani mwaona disiki yanu

Achimwene, mwafunsa kuti mugule mapadi ati a buleki ya disiki ya njinga yanu yakapalasa, poti a resin amene muli nawo akutha msanga ndipo akulira mvula ikagwa. Musanagule chilichonse, werengani zolembedwa pa disiki. Madisiki ena otchipa a kampani ya Shimano amalembedwa kuti "Resin Pad Only", kutanthauza kuti amafuna mapadi a resin okha. Chitsulo chake si cholimba kwenikweni, ndiye mukaikapo a sintered, omwe ndi achitsulo, adzachidya n'kusiya mizere. Zikatero khalani pa resin, apo ayi musinthe ndi disiki yomwe.

Mapadi a resin ndi ulusi, labala ndi zinthu zina zomatidwa ndi utomoni. Amagwira bwino ngakhale asanatenthe, sasokosera kwambiri, ndipo disiki imakhalitsa. Mdani wawo ndi matope ndi mchenga wonyowa, zomwe zimawapala ngati sandipepa. Komanso pa mtsetse wautali, makamaka mutanyamula katundu, utomoni uja umapsa, padi imasalala n'kumanyezimira, ndipo buleki imafooka ngakhale mufinye bwanji.

A sintered ndi ufa wa zitsulo, kawirikawiri wokhala ndi mkuwa, wopanikizidwa pa kutentha kwakukulu mpaka kugwirana. Madzi ndi kutentha amapirira nazo, ndipo amachedwa kutha. Koma amadya disiki msanga, amapititsa kutentha ku kalipa (chipangizo chomwe mumakhala mapadi), ndipo akazizira sagwira mwachangu ngati a resin. A semi-metallic ali pakatikati, kungoti kampani iliyonse imasakaniza mwa njira yake.

Malinga ndi zimene mwafotokoza, ine ndinganene kuti tengani a sintered ngati disiki ikulola. Koma musayembekezere kuti kulira kutha, chifukwa amenewa ndiwo amalira kwambiri. Buleki kulira itanyowa si vuto. Ikamalira kuli kouma n'kumaterera, ndiye kuti oyilo kapena girizi walowa m'mapadi. Amenewo tayani, oyilo akalowa satuluka.

Tengani padi yakale pokagula, chifukwa maonekedwe ayenera kufanana ndi kalipa yanu ndendende. Poika, kankhani mapisitoni, amene amakankha mapadi mu kalipa, abwerere mkati ndi chochotsera tayala cha pulasitiki, mwapang'onopang'ono, ndipo musafinye buleki gudumu lili kunja, mapisitoni angatuluke. Disiki ipukuteni ndi sipiriti wotchedwa isopropyl alcohol ndi kansalu koyera, osaigwiranso ndi zala. Ngati mukusintha mtundu wa mapadi, iperesereni pang'ono ndi sandipepa yosalala kuti zotsalira za mapadi akale zichoke.

Chimene ambiri amadumpha ndi kuzoloweretsa mapadi atsopano. Pamalo osalala, palasani mpaka liwiro la pafupifupi makilomita 20 pa ola, finyani buleki imodzi pang'onopang'ono mpaka liwiro la munthu woyenda pansi, kenako siyani kufinya musanaime. Bwerezani ka 15 kapena ka 20 pa buleki iliyonse. Kuchita zimenezi kumapaka kansalu kopyapyala ka padi pa disiki yonse mofanana. Mukaima ndithu mutafinya, kamaunjikana malo amodzi ndipo buleki imayamba kunjenjemera.

Muziyeza pafupipafupi nyengo ya mvula. Shimano imati padi isinthidwe ikatsala mamilimita 0.5, osawerengera chitsulo chakumbuyo, ndipo disiki yawo isachepere mamilimita 1.5. Ngati buleki ikufookabe pa mitsetse, ganizirani disiki ya mamilimita 180 m'malo mwa 160, bola foloko ndi felemu zikulola, ndipo mudzafunika adaputa yake.