Zaka ndi zoti ndi mwamuna kapena mkazi zimawerengedwadi

Achemwali a ku Ulongwe, mwafunsa chifukwa chomwe madotolo akufunira mlongo wanu wa zaka 24 kuti apereke mafuta a m'mafupa kwa odwala anu, osati inu. Musadandaule ayi, sikuti akupeputsani. Choyamba amaona ngati HLA (zizindikiro za pa maselo zimene thupi limasiyanitsira zake ndi zachilendo) ya wopereka ikugwirizana ndi ya wodwala, pa abale a bambo ndi mayi mmodzi mwayi wake ndi 1 mwa 4. Kenako zaka, maselo opanga magazi a m'mafuta a m'mafupawo amakalamba nafe, a wachinyamata amachulukana msanga ndipo amapanga bwino asilikali a m'thupi. Za ukazi, mayi amene anakhalapo woyembekezera chitetezo chake chinazolowera kulimbana ndi zachilendo, ndiye maselo ake amatha kuukira thupi la wodwalayo, makamaka akakhala wamwamuna.