Njinga yopita nayo kunyanja, ndigule yotani?

FUNSO: Amalume, ine ndili pa Kasungu boma ndiye ndikufuna njinga yoti ndizipalasa maulendo ataliatali, woyamba ndikufuna ndikafike ku Nkhotakota kunyanja. Vuto ndimakhala nyumba ya lendi kachipinda kamodzi ndiye ndikufuna yopepuka, yoti nditha kulowa nayo mnyumba komanso kuikweza minibasi ndikatopa. Anzanga akuti ndigule yopinda ija. Mundithandize.

YANKHO: Aphwanga, yopindayo ayi, pa ulendo umenewu musagule. Ndi yabwino mtauni, imalemera makilo 11 mpaka 13 ndipo imalowa pansi pa bedi, koma timatayala take ndi ta 20 inchi kapena kucheperapo, mukangotsika patala kulowa mumchenga mwayamba kukankha, ndiye ikaphulika chubu pa Malomo apo mukachipeza kuti?

Nkhani ya kulemera anthu amaikokomeza. Njinga ya Buffalo ija imapitirira makilo 20, kaliyala wake amanyamula makilo 100, nchifukwa chake a kabaza ndi onyamula matumba amaikonda, koma zambiri nza giya imodzi ndipo msewu wa M18 uli ndi zitunda zoti mudzayenda wapansi. Inu funani ya magiya yapakati, makilo 13 mpaka 15, mauntenibaiki akale a pa kaunjika aja a felemu yachitsulo ndi matayala a 26 inchi. Osangokhulupirira wogulitsa, pitani nayo kwa mavenda ogula soya ndi mtedza muipachike pasikelo yawo muone nokha. Komanso kumbukirani kuti madzi malita 3 ndi makilo atatu kale, kuonjezera zovala, pampu, zigamba ndi sipanala, ndiye kilo imodzi imene mwapulumutsa pafelemu simudzaimva nkomwe.

Chitsulo ndikuchikakamira chifukwa chikathyoka wowotcherera aliyense wapamsika akulumikizirani, pomwe aluminiyamu imafuna makina ena amene kumudzi kulibe. Matayala a 26 nawo, chubu ndi masipoko mupeza kwa okonza njinga pansi pa mtengo paliponse. Werengani masipoko a kumbuyo akhale 36, ndipo zunguzani wilo muone ngati limu sikuvina, limu yopindika ndi katundu pamwamba imathyola masipoko limodzilimodzi mpaka mutasowa chochita. Zamasipuling'i pakati zija zisiyeni, nzolemera, zimadya mphamvu, ndipo kaliyala samangika bwino.

Pa zokweza minibasi chofunika ndi kachogwirira kochotsera wilo lakutsogolo popanda sipanala, kaja mumangokatembenuza ndi dzanja. Mukachotsa wilo ndi kutsitsa chishalo njinga imalowa kumbuyo kapena kumangidwa bwino, koma mtengo mugwirizane ndi kondakitala isanakwere, ndipo mbali ya tcheni ndi magiya iyang'ane kumwamba, akaiponderezera thumba la chimanga kachitsulo kosinthira magiya kamapindika basi ulendo watha. Mnyumba khomani chokolowekera cholimba pakhoma muzipachika ndi wilo lakutsogolo, malo ochepa kwambiri.

Chomaliza ndipo ichi ndikupemphani ndithu, msewuwo umadutsa mkati mwa nkhalango ya Nkhotakota, mmene bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks linasamutsiramo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017. Mukafika pageti funsani alonda kaye, ine ndikanakonda chigawo chimenecho mukwere galimoto, mukatsike kutsidya nkupitiriza kupalasa mpaka kunyanja.