Kodi ndipachike chithunzi cha Vermeer m'chipinda chosokera?

Mayi wina wanditumizira imelo. Akufuna kupachika chithunzi cha Vermeer, wojambula wa ku Holland wa zaka za m'ma 1600, cha mtsikana woluka lesi m'chipinda chawo chosokera, koma akuopa kuti chimangophunzitsa akazi kuweramitsa mutu. Mayi, apa mwandiputa.

Azakhali anga ankaluka madoilo. Si lesi wa ku Holland, koma maso amatha chimodzimodzi. Ankaluka usiku pa koloboyi, ulusi utakulungidwa kuchala mpaka kusiya mzere, milomo ikuwerenga chamumtima. Ukawalankhula sankayankha, kuopa kusokonezeka. Ndiye doilo la sabata yathunthu wogula n'kumalinenerera ngati tomato wamadzulo!

Chimandipweteka n'chakuti ojambula a zaka za m'ma 1600 ankabisa zimenezi. Kwa ogula zithunzi ku Holland, woluka lesi ankaimira mkazi wakhalidwe, wosayendayenda. Caspar Netscher mu 1662 anajambula mtsikana atavala jekete lofiira, tsache lili pambali, nsapato zili pansi. Uthenga wake ngwoonekeratu: wasesa kale, sakupita kulikonse. Nicolaes Maes anawonjezera mwana pampando pafupi ndi mayi woluka. Msana wowawa suoneka. Chithunzi cha Netscher chili ku nyumba yoonetsera zithunzi ya Wallace Collection ku London, komwenso kuli chithunzi cha bambo amene Frans Hals anamujambula mu 1624, wandevu zopindika, lesi ali mbuu m'khosi ndi m'mikono. Wovala akumwetulira, woluka watembenukira kukhoma.

Ku Russia, Vasily Tropinin anajambula wake mu 1823, chaka chomwe iye mwini anamasulidwa ku ukapolo. Ntchito yokakamizidwa ankaidziwa bwino, komabe mtsikana wake akutiyang'ana mosangalala. Ndimamukwiyira pang'ono.

Nanga Vermeer?

Iyeyu ndimamuikira kumbuyo. Chithunzi chake cha m'ma 1669 kapena 1670, chomwe chili ku nyumba yoonetsera zithunzi ya Louvre ku Paris, ndi chaching'ono, masentimita pafupifupi 24 kutalika ndi 21 mulifupi. Mtsikanayo alibe nafe ntchito. Wagwira timitengo tiwiri ta ulusi, maso ali pa mapini. Ulusi wofiira ndi woyera wotuluka m'katsamiro chapafupi ndi ife Vermeer anausiya wosaoneka bwino, koma tiulusi tiwiri ta pakati pa zala anatijambula mowala. Anafuna tione ntchitoyo, ndipo kwa ine umenewo ndi ulemu.

Choncho pachikani, mayi. Musagule chokulitsidwa. Pezani cha msinkhu wake weniweni, muchiike pafupi ndi mashini, pofika kuwala kwa pawindo.