Masiku awiri ku Baltimore: njanji zakale, linga ndi sitima za padoko

Achimwene, mwati muli ku Washington ndipo mukufuna kukakhala masiku awiri ku Baltimore opanda galimoto, muli ndi ana komanso bambo anu okonda za sitima, ndiye mukufunsa poyambira ndi zoti musaphonye. Yambani ndi kusankha masiku, malo abwere pambuyo. Nyumba zing'onozing'ono zosungiramo zakale mumzindawu zimayendetsedwa ndi anthu ongodzipereka ndipo zambiri zimatsegula kumapeto kwa sabata kokha. Wofika Lolemba kapena Lachiwiri amakumana ndi zitseko zokhoma. Loweruka ndi Lamlungu ndiye masiku anu.

Koma masiku amenewa ali ndi msampha wake. Sitima za MARC zochokera ku Union Station ku Washington zili ndi njira ziwiri zopita ku Baltimore. Ya Camden Line imakutsitsani pafupi penipeni ndi doko, koma imayenda Lolemba mpaka Lachisanu basi. Loweruka ndi Lamlungu mukwera ya Penn Line, yomwe imatenga pafupifupi ola limodzi n'kukutsitsani pa Penn Station, kumpoto kwa tawuni. Tikiti muguliretu pamakina a pasiteshoni kapena pafoni, chifukwa mukagulira m'sitima amaonjezera ndalama. Tikiti ya MARC sigwira pa sitima za kampani ina yotchedwa Amtrak ngakhale sitima zonsezi zimadutsa njanji imodzi ndi kuima pasiteshoni imodzi, ndiye yang'anitsitsani dzina lolembedwa pabogi musanakweze ana. Sitima za kumapeto kwa sabata ndi zochepa, choncho nthawi ya yobwerera muilembe musananyamuke. Mukatsika pali mabasi aulere a Charm City Circulator. Ya Purple imatsetsereka kuchoka pa Penn Station kupita kudoko, ya Orange imadutsa chakumadzulo kufupi ndi nyumba ya sitima zakale. Njira zake amazisintha nthawi zina, ndiye muone mapu a sabata imeneyo.

Loweruka m'mawa pitani ku B&O Railroad Museum, 901 West Pratt Street, ndipo mufike akungotsegula. Mukadziwa chimene chinabala njanji ya Baltimore and Ohio (mwachidule B&O), mzinda wonse muumvetsa. Mu 1825 ngalande ya Erie itatsegulidwa, katundu wa kumtunda anayamba kutsikira ku New York, amalonda a ku Baltimore n'kuona kuti doko lawo lifa ndi njala. Ndiye mu 1827 anakhazikitsa kampani ya Baltimore and Ohio kuti imange njanji yokafika kumtsinje wa Ohio. Mwala woyamba anauika pa 4 July 1828, ndipo anauika ndi Charles Carroll, munthu womaliza kukhala ndi moyo mwa amene anasaina chikalata cha ufulu wa America. Mu 1830 njanji inafika ku Ellicott's Mills, mtunda wa makilomita 21, mabogi akukokedwa ndi mahatchi. Kumtsinje wa Ohio, pa Wheeling, sitima inakafika mu 1853.

Mukangolipira pakhomo, funsani ngati tsiku limenelo kuli ulendo wa sitima ya Mile One Express, ndipo tikiti yake mugule pomwepo chifukwa ndi yapadera. Siyenda tsiku lililonse ndipo nthawi yozizira kwambiri imapuma. Ulendo wake ndi wa mphindi pafupifupi 20 kupita ndi kubwera. Musayembekezere malo okongola pazenera, mudzaona kuseri kwa mipanda ndi mabogi akale. Phindu lake ndi loti mukuyenda pomwe njanji yoyamba ya B&O inayambira, ndipo kwa ana ndi chimene amakumbukira. Zina zonse muzikonze motsatira nthawi ya ulendowu.

Mtima wa malowa ndi chinyumba chozungulira cha mu 1884, cha makoma 22, chimene ankakonzeramo mabogi a anthu. Pakati pake pali thebulo lotembenuzira sitima, ndipo njanji zimachoka pamenepo kulowera kukhoma lililonse. Anthu ambiri amalowa, kujambula denga, kuzungulira kamodzi n'kutuluka akuti injini zonse n'zofanana. Sizofanana, bola mudziwe poyang'ana. Pa chikwangwani cha injini iliyonse pali manambala monga 4-4-0. Nambala yoyamba ndi mawilo ang'onoang'ono akutsogolo otsogolera injini pokhota, yapakati ndi mawilo akuluakulu olumikizidwa ndi chitsulo amene amakoka, yomaliza ndi mawilo akumbuyo onyamula ng'anjo. Injini yotchedwa William Mason ya mu 1856 ndi 4-4-0. Apatseni ana ntchito yowerenga mawilo asanaone chikwangwani, sadzatopa msanga. Onaninso kukula kwa mawilo okoka. Akakhala aatali kuposa munthu wamkulu kapena kuyandikira pamenepo, injiniyo inali ya liwiro, yokoka anthu. Akakhala aafupi koma ambiri, inali ya mphamvu, yokoka malasha pamtunda wokwera.

Zakale kwambiri, za m'ma 1830, thanki yake yowiritsira madzi ndi yoimirira, ndipo zitsulo zake zinkakwera ndi kutsika ngati miyendo ya dzombe, n'chifukwa chake ankazitcha Grasshopper. Palinso zina zimene kanyumba ka woyendetsa kali pamwamba pa thanki osati kumbuyo. Anatero chifukwa ng'anjo yootcha malasha inkadya malo onse akumbuyo. Taganizani woyendetsa atakhala pamwamba pa madzi owira m'chilimwe, mnzake wothira malasha ali pansi kumbuyo, osamvana bwino. Kenako funsani komwe kuli Allegheny nambala 1604 ya kampani ya Chesapeake and Ohio, ya mu 1941. Imeneyi ndi 2-6-6-6, kutanthauza kuti ili ndi magulu awiri a mawilo okoka pansi pa thanki imodzi, ndi mawilo asanu ndi limodzi akumbuyo chifukwa cha kulemera kwa ng'anjo yake. Bambo anu apatseni nthawi pamenepo.

Muziwerenganso ngati chinthu ndi chenicheni kapena chopangidwanso. Tom Thumb, kainjini ka Peter Cooper ka mu 1830, kamene mudzaone ndi kopangidwanso mu 1927 pokondwerera zaka 100 za kampaniyi. Denga lenilenilo nalonso ndi latsopano mbali yaikulu. Mu February 2003 chipale chofewa chinaunjikana mpaka theka la denga linagwera injini ndi mabogi, ndipo malowa anatsegulidwanso mu November 2004. Maola atatu akukwanirani. Pabwalo lakunja pali miyala ya m'njanji ndipo mthunzi ndi wochepa, choncho nsapato zikhale zotseka, ndipo ana asakwere paliponse popanda chikwangwani chololeza. Pochoka kwerani basi kapena takisi, musamazungulirezungulire m'misewu yosaidziwa mutanyamula kamera poyera.

Masana tsikirani kudoko kudzera mu Pratt Street, kulowera kum'mawa. Mudzadutsa Camden Station ya mu 1856, yoyandikana ndi bwalo la baseball la Orioles. Tsiku la masewera dera limeneli limadzaza ndipo mahotela amakwera mtengo, ndiye muone kalendala yawo musanasungitse malo ogona. Kum'mawa kwa doko kuli President Street Station ya mu 1850, kanyumba kakang'ono ka denga lokhota komwe tsopano muli zinthu za nkhondo yapachiweniweni ya ku America imene inayamba mu 1861. Masiteshoni awiriwa anali a makampani osiyana, ndipo lamulo la mzinda linkaletsa injini za nthunzi kudutsa pakati pa tawuni. Ndiye bogi iliyonse yochokera kumpoto kupita ku Washington ankaimasula n'kuikoka ndi mahatchi mumsewu wa Pratt womwewu. Pa 19 April 1861 asilikali a ku Massachusetts akudutsa chonchi, chigulu cha anthu chinatchinga njanji ndi kuwagenda, ndipo panafa asilikali ndi anthu wamba. Mukamayenda mumsewuwu mukuponda pomwe zinachitikira.

Padokopo pali sitima zapamadzi zakale zimene mungalowe ndi tikiti imodzi yophatikiza. Musalimbane ndi zonse, ziwiri zakwana. Yoyamba ikhale USS Constellation ya mu 1854, sitima yankhondo yomaliza yoyendera matanga okha imene asilikali apamadzi a America anapanga. Kuyambira 1859 mpaka 1861 inkatsogolera sitima zolondera kugombe la kumadzulo kwa Africa pogwira ogulitsa akapolo, ndipo mu 1860 inagwira sitima yotchedwa Cora momwe munali anthu oposa 700. Yambirani pamwamba n'kumatsika: pa matanga, pa mizinga, pogona amalinyero, mpaka pansi posungira katundu. Mukamatsika denga limafupika, ndipo ambiri amagunda mutu pamitanda chifukwa choyang'ana foni. Makwerero ake ndi oimirira, mutsike chafutambuyo mutagwira mbali zonse ziwiri. Yachiwiri ana adzakakamira USS Torsk, sitima yoyenda pansi pa madzi ya mu 1944. Mkati mwake ndi mothina, ndipo pakhomo lililonse pamafunika kukweza mwendo ndi kuwerama nthawi imodzi. Ngati bambo amadandaula mawondo kapena msana, awadikire panja, kapena onse musankhe Chesapeake, sitima yofiira yomwe inkagwira ntchito ya nyali yowongolera sitima zina.

Nsanja ya njerwa yaitali imene mudzaione chakumpoto kwa President Street ndi Phoenix Shot Tower ya mu 1828. Ankasungunula mtovu pamwamba n'kuudontheza pa sefa, madonthowo n'kuumbika mozungulira akugwa, n'kukazizirira m'madzi pansi kukhala zipolopolo. Kuiona kunja n'kokwanira.

Madzulo kadyereni ku Fell's Point, dera lakale lopangirako sitima. Misewu yake ndi ya miyala ndipo mwina mudzaona njanji zitakwiririka pakati pa miyalayo, zotsala za nthawi imene mabogi ankafika pakhomo pa nyumba zosungira katundu. Nsapato zazitali ndi kangolo ka mwana zimavutika pamenepo. Kumeneku ndi komwe Frederick Douglass, amene anadzatchuka polimbana ndi ukapolo, ankagwira ntchito yomata mipata ya matabwa a sitima ali kapolo, ndipo pa 3 September 1838 anathawa pa sitima ya pamtunda atavala ngati mmalinyero. Mu Thames Street muli malo okumbukira iye pamodzi ndi Isaac Myers, yemwe nayenso ankagwira ntchito yomata sitima. Podya kumbukirani kuti mtengo wa pamenyu sunaphatikize msonkho, ndipo woperekera chakudya amayembekezera kuti muonjezere 15 mpaka 20 peresenti.

Lamlungu m'mawa ndi la Fort McHenry, makilomita pafupifupi asanu kuchokera padoko, kunsonga kwa Locust Point. Apa takisi ndiyo yosavuta, ndipo maboti onyamula anthu amadalira nyengo. Malowa ndi a boma lalikulu, ndiye boma la America likatseka ntchito zake chifukwa chosagwirizana pa bajeti, nawonso amatseka. Kuyenda pabwalo lakunja ndi kwaulere, kulowa mulinga ndiye kolipira. Yambani ndi kafilimu kakafupi ka m'nyumba yolandirira alendo, kenako funsani nthawi yosintha mbendera, chifukwa alendo amaloledwa kugwira nawo. Mbendera yaikulu amaikweza mphepo ikakhala yoyenera.

Lingali lili ndi nsonga zisanu ngati nyenyezi, kuti mizinga ya pansonga iliyonse iziteteza khoma la nsonga inzake. Pa 13 ndi 14 September 1814 sitima za Britain zinaliphulitsa kwa maola pafupifupi 25 koma sizinalowe. Zinaima patali pomwe mizinga ya mulinga sinkafika, ndipo njira yolowera kudoko inali itatchingidwa ndi sitima zomizidwa dala. Francis Scott Key anaonera zonsezi ali pamadzi, ndipo ndakatulo imene analemba inadzakhala nyimbo ya fuko mu 1931. Zinthu ziwiri zimasokoneza alendo. Mizinga yakuda ikuluikulu yoyang'ana kumadzi si ya mu 1814, inabwera zaka makumi angapo pambuyo pake. Ndipo mbendera yeniyeni imene Mary Pickersgill anasoka, ya nyenyezi 15 ndi mizere 15, ili kunyumba yosungiramo zakale ya Smithsonian ku Washington komwe mukuchokera. Mukaima pakhoma n'kuyang'ana kunsi kwa mtsinje wa Patapsco mudzaona doko lomwe likugwirabe ntchito, ndi mbali yomwe kunali mlatho wa Key umene unagwa pa 26 March 2024 sitima yakatundu itauwomba.

Malizani ndi Baltimore Streetcar Museum mu Falls Road, chifukwa imatsegula Lamlungu masana ndipo ili kufupi ndi Penn Station komwe mukakwerere. Ndi malo aang'ono, koma mumakwera tramu zakale zenizeni zoyendera waya wamagetsi wapamwamba, zomwe mzindawu unasiya mu 1963. Muwaonetse bambo kutalikirana kwa njanji zake: mamilimita 1,638, pomwe njanji za sitima zimene munaona dzulo ndi 1,435. Oyendetsa ndi odzipereka ndipo amakonda mafunso. Ola limodzi ndi theka lakwana.

Mudzamva anthu akutchula Ellicott City, komwe kuli siteshoni yakale kuposa zonse zotsala mu America, ndi Thomas Viaduct, mlatho wamiyala wokhota wa mu 1835 womwe sitima zikudutsabe. Onse ndi ofunika, koma ali kunja kwa mzinda ndipo opanda galimoto akudyerani tsiku lonse. Mukapeza wokutengani ulendo wina, mlathowo muuonere pansi, mu Patapsco Valley State Park. Musakwere panjanji kukajambula. Ndi mlandu, ndipo sitima yakatundu yodzaza imayenda mtunda woposa kilomita imodzi isanaime. Ku Ellicott City madzi osefukira anasesa msewu waukulu mu 2016 ndi 2018, choncho kukachenjezedwa za mvula yamphamvu musaimike galimoto kumunsi kwa Main Street.