Kodi wisiki wotsika mtengo ndi weniweni?

Funso: Akonzi, ndimakhala ku Area 25 ndipo ndikufuna wisiki wa ku Scotland wosaboola m'thumba woti ndizilandirira alendo. Kodi wotsika mtengoyo ndi weniweni?

Yankho: Bambo, musade nkhawa. Lamulo la ku Scotland limafuna kuti wisiki aliyense wotchedwa Scotch akhale m'migolo ya mtengo wa oak kwa zaka zosachepera 3, ndipo ukali wake usachepere 40 peresenti. Mitundu monga Grant's, Bell's ndi Johnnie Walker Red Label imatsika mtengo chifukwa amasakaniza wisiki wa chimera cha balere ndi wina wa tirigu kapena chimanga, amene safuna ndalama zambiri popanga. Ine ndimaona kuti Red Label amakoma kwambiri mukathiramo ginger ale ndi ayisi, koma pogula muzionetsetsa kuti chitsekero cha botolo sichinatsegulidwepo.