Geti sinasinthe, nanga madzi achepa bwanji?

FUNSO: Akonzi, ndine mlembi wa komiti ya sikimu ya mthirira m'dera la Mfumu Yaikulu Mabuka ku Mulanje. Chiyambire June, wotsegula madzi amazunguza chiwongolero cha geti (chitseko chachitsulo cholowetsera madzi m'ngalande) mofanana tsiku lililonse, koma pofika October madzi safika kwa anzathu a kumapeto kwa ngalande, moti ayamba kumunena kuti akukondera. Vuto lingakhale pati?

YANKHO: A mlembi, musafulumire kumuweruza munthuyo, chifukwa kuchuluka kwa madzi odutsa pansi pa geti sikudalira mpata wokha umene watsegulidwa, koma kumadaliranso kuya kwa madzi amene aima kuseri kwa getiyo. Ndowa yobooka pansi ikakhala yodzaza imathovola madzi mwamphamvu, koma madzi akatsika imangodontheza, pomwe bowo ndi lomwe lija. Akatswiri amawerengera kuti madzi a kuseri akatsika kuchoka pa masentimita 80 kufika pa 20, mpata osasintha, odutsa amatsala pafupifupi theka. Poti mitsinje yochokera m'phiri la Mulanje, monga Ruo, Lichenya ndi Likhubula, imaphwera kwambiri m'miyezi ya September ndi October, muyeso umene unkakwanira mu June sungakwanire tsopano, ngakhale wotsegulayo atakhala wachilungamo chotani.

Chachiwiri, chimene makomiti ambiri sachilabadira, chili kutsogolo kwa geti. Mukaime pamenepo madzi akutuluka, muyang'anitsitse. Ngati akutuluka mothamanga, ali opyapyala, kenako n'kutumphuka ndi thovu patsogolo pang'ono, ndiye kuti geti ikugwira ntchito momasuka. Koma ngati pakamwa pake pamira, madzi akungozungulira ndi zinyalala pamwamba, dziwani kuti madzi a kutsogolo akubweza anzawo, ndipo chimene chikukankha madzi tsopano ndi kusiyana kokha kwa msinkhu wa mbali ziwirizo. Kusiyanako kukachepa, ngakhale mutakweza chitsulo chonse, madzi owonjezereka amakhala ochepa. Kawirikawiri zimenezi zimabwera ndi mchenga, matope ndi udzu zimene zadzaza ngalande, ndipo kwanuko ndi nkhani yosafunika kuiderera, poganizira mchenga ndi miyala zimene namondwe wa Freddy anakokolola m'phiri mu March 2023. Apa mankhwala ake ndi khasu ndi fosholo, osati chiwongolero.

Ine ndikuona kuti kuwerenga kazunguzidwe ka chiwongolero muyenera kukusiya. Pemphani alangizi a ulimi wothirira akuthandizeni kulemba muyeso wa masentimita ndi penti pakhoma la ngalande, wina kuseri kwa geti ndi wina kutsogolo pamene madzi akuyenda modekha, kenako mugwirizane pa msonkhano mzere umene madzi a kutsogolo ayenera kufika. Wotsegula azikweza kapena kutsitsa geti mpaka madzi akhudze mzerewo, ndipo inu muzilemba m'kaundula m'mawa ndi madzulo, kuti wodandaula aliyense azidzionera yekha. Madzi akakanika kufika pamzere ngalande ili yoyera, ndiye kuti mtsinje waperewera, choncho yambani kuthirira mosinthana masiku, ndipo ndi bwino kuyambira a kumapeto.

Muyenderenso mageti ang'onoang'ono a m'njira nthawi imene ali otseka. Labala wa m'mbali akatha, kapena kamwala kakatsakamira pansi, madzi amapitirira kuwukha usiku wonse n'kumalowa m'minda imene si tsiku lake, ndipo ndodo yamazinga yochita dzimbiri chifukwa chosowa girisi imalepheretsa chitsulo kutsika mpaka pansi.